Dzina Lomwe Ndinabwereka Osapempha

Mwana wa akulu anga anafika kwathu ku Senga Bay mu Novembala, dzuwa likuwotcha moti mchenga sunkapondeka. Anatsika matola ali ndi chikwama chofiira cha mateyala ndi envulopu yaikulu yomwe anaikumbatira pachifuwa. Ndinamuona komaliza ali kumsana kwa mayi ake, ali ndi zaka ziwiri, tsiku lomwe ankakwera basi ya ku Joni. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamtali kundiposa, ndipo anandipatsa moni woti "Anti". Ndinamuuza pomwepo kuti ine si anti ake, ndine mayi ake aang'ono. Anaseka, n'kupepesa m'Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula kuti Mama.

Chomwe anabwerera chinali chomveka bwino. Akulu anga analowa ku Joni ndi chilolezo cha masiku ochepa, masikuwo anatha, iwo n'kukhalirira, kumakolopa m'nyumba za anthu. Mwanayu anakulira kumeneko wopanda pepala lililonse la boma. Sukulu anamulola kuphunzira, ndipo mayeso omaliza a sekondale anakhoza bwino zedi. Koleji ina inamulandira kuti akaphunzire zojambula mapulani a nyumba, koma inkafuna pasipoti ndi chilolezo cha wophunzira, ndipo chilolezocho munthu amachipempha ali kwawo. Ndiye anayenera kutuluka m'dziko lokhalo lomwe ankalidziwa, kubwera kuno, kutenga chitupa cha unzika, kenako pasipoti, kenako chilolezo, n'kubwerera molowera pakhomo ngati mlendo. Zonsezo zinayenera kutheka Januwale asanathe. Akachedwa, malo ake apatsa wina.

Chikwama chija sanachimasule. Ndinamumangira chingwe chopachikapo zovala, ndinamupatsa theka la kabati, koma iye ankangotsegula zipi, kutulutsa bulauzi imodzi, n'kutsekanso. Akachapa, zikauma, ankapinda n'kubwezera momwemo. Chikwamacho chinkaima pafupi ndi chitseko, ndipo ndinkapunthwa nacho m'mawa uliwonse popita kuntchito. Ine ndimachapa ndi kusita nsalu za pabedi pa loji ina, ndipo munthu amene wasita tsiku lonse kotentha ngati ku Salima sakhala ndi mtima wautali.

"Iwe, kodi muno ndi mu depoti?" ndinkamukalipira. "Masula katunduyo ukhale ngati munthu."

"Sindikhalitsa, Mama," ankayankha ndi Chichewa chake cholemera lilime.

Sankakhala pansi mwana uja. Ankachoka kunyumba mpaka pomwe asodzi amayanika usipa, kubwerera, kupitanso, foni ili m'mwamba kusaka netiweki. Ankayeza nyumba yanga ndi mapazi n'kumaijambula m'kope, kenako n'kundiuza kuti zenera linaikidwa mbali yolakwika, n'chifukwa chake mumatentha. Ndinamuuza kuti akadzamanga yake adzaike zenera padenga ngati akufuna. Koma kunena zoona, nanenso sindinkakhazikika, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ndekha.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wamkulu kwa uyu ndi zaka zitatu. Atalemba Sitandade 8 anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Masiku amenewo anthu ankanena kuti wobwereza samuyang'ana msanga posankha, ndiye makolo ankasamutsa mwana sukulu n'kukamulembetsa ndi dzina lina ngati watsopano. Kwathu ku Chitala ambiri anachita zimenezo, ena dzina la malemu, ena la msuweni. Ine ndinali nalo dzina lokonzeka kale. Akulu anga pochoka anandisiyira kathumba ka mapepala, ndipo mkatimo munali khadi la kusikelo la mwana wawo. Panali dzina lake, la bambo ake, la mayi ake, mudzi ndi tsiku lobadwa. Ndinati mumtima, mwana uyu ali ku Joni akudya maapozi, dzinali lingokhala m'thumba kudyedwa ndi mphemvu? Sindinapemphe. Ndinadziuza kuti ndikungobwereka.

Mwana wanga anasankhidwa, anamaliza Fomu 4, anapita ku koleji ya aphunzitsi. Itakwana nthawi yotenga chitupa cha unzika, analembetsa zomwe zinali pa khadi lija, zonse, kuti zifanane ndi za kusukulu. Anayamba kuphunzitsa ku Chipoka chaka chomwecho chimene mng'ono wakeyu anabwera. Kunyumba tinkamuitanabe dzina lake lenileni, n'chifukwa chake mlendo sanazindikire kanthu ngakhale anacheza naye Lamulungu lina tsiku lonse, akulukana tsitsi pakhonde. Akulu anga sindinawauzepo.

Kalata ya amfumu yomuchitira umboni tinakaitenga ku Chitala popanda vuto. Lolemba lake tinapita ku boma kukalembetsa chitupa cha unzika. Njira yonse ndinkadzilimbitsa mtima kuti mayina amafanana, anthu ndi ambiri, makina sangazindikire. Tinaima pamzere mpaka mithunzi inafupika. Mayi wa pakompyuta, wovala magalasi, analemba zomwe mwanayu ankanena, kenako anaima. Anafunsanso tsiku lobadwa. Anafunsanso dzina la mayi.

"Mwana wanga, iwetu unalembetsa kale," anatero.

"Ayi, ndangobwera kumene," anayankha mwanayu.

Mayi uja anatembenuza kompyuta kuti tione. Panali nkhope ya mwana wanga, tsitsi lake lili m'maluko omwe ndinamuluka ine ndemwe. Mwana wa akulu anga anayang'ana chithunzicho, anayang'ana ine, n'kutsitsa maso pa envulopu yake.

Mayi wa magalasi sanakalipe. Anatifotokozera kuti mmodzi mwa awiriwa ndiye mwini dzina, ndipo pafunika kuti amene akuidziwa nkhaniyi akalumbire kukhoti, amene analembetsa kaleyo abwere yekha ndi chitupa chake, kenako mapepala apite ku Lilongwe. Polankhula ankayang'ana ine pamwamba pa magalasi. Ndinati tikafunsa kaye kunyumba, ngati kuti kunyumbako kunali wina woti timufunse.

Tinayenda mpaka pomwe timakwerera matola. Akabaza ankatiitana, ife osawamva.

"Mama, munkadziwa," anatero mwanayu.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandisiyiranji kuima pamzere?"

Ine ndikalakwa ndimakwiya, ndi chilema changa. "Unkafuna mwana wanga akwatiwe ali ndi zaka khumi ndi zisanu, azikatola usipa pathandala? Dzinalo unkaligwiritsa ntchito yanji kuno? Iwe unali kuti?"

"Ndinali komwe dzina langa silinali m'buku lililonse la boma," anayankha mosakweza mawu. "Apolisi akadutsa ndinkabisala mu shopu. Ndinkadziuza kuti kwathu liliko."

Titakwera, ndinakalipira kondakitala kuti watipanikiza pampando.

Apa ndiye pomwe ndinalakwira kwenikweni, kuposa zakale zija. Ndinakhala chete sabata zitatu. Mwana wanga wa ku Chipoka sindinamuuze. Anthu ankanena kuti nkhani zoterezi zikaululika munthu amamulanda satifiketi, amamuchotsa ntchito. Kaya zinali zoona kaya ayi, sindinafunse aliyense wodziwa, ndinkangoopa. M'maganizo ndinkaona mwana wanga ataima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, munthu n'kulowa kudzamuuza kuti atuluke. Kuntchito ndinawotcha nsalu ziwiri ndi simbi, zomwe sindinachitepo zaka zonse. Ndinkadzuka m'mawa nditatsimikiza kuti lero ndikwera minibasi ya ku Chipoka, dzuwa likakwera ndinkati mawa.

Tsiku lina ndinayesa njira ina. Ndinamuuza mwanayu kuti bwanji angolembetsa ndi dzina la agogo ake, tsiku lobadwa tisinthe pang'ono, zithe. Iye anatsegula envulopu ija, n'kuyala pamkeka satifiketi yake ya sekondale ndi kalata ya ku koleji, n'kuloza dzina ndi chala papepala lililonse. Kenako anazibwezera mosamala, n'kutuluka kukayenda ulendo wake uja wa kwa asodzi. Masiku amenewo ankapita kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo amayi ogulitsa nsomba anayamba kundifunsa ngati mwanayu ali bwinobwino m'mutu.

Akulu anga ankaimba pafupipafupi. Ine foni ndinkaiponya m'dengu la zochapa kuti ndisaimve. Akaimbira mwana wawo, ndinkamva iye akuwauza kuti makina a ku ofesi avuta, tikudikira. Ankandibisira mlandu ine amene ndinamubera. Zimenezo zinkandiwawa kuposa akanandinyoza, ndipo chifukwa zinkandiwawa ndinkamukalipiranso za chikwama.

Sukulu zitatsekera, mwana wanga anabwera kudzadya Khirisimasi. Anaona kuti m'nyumba simukuyankhulidwa. Anandipeza kuseri ndikuyanika zovala, n'kundifunsa chomwe chavuta. Ndinamuuza zonse, maso ali pachingwe.

"Zinachitika liti?" anafunsa.

"Kumayambiriro kwa mwezi."

"Amayi, sabata zitatu? Nthawi yake ikutha ndi Januwale, inu mukudziwa."

"Ndimaganizira iwe," ndinatero.

"Mukanandifunsa ineyo. Dzinalo sindinalikondepo. Ana akandiitana nalo m'kalasi ndimachedwa kutembenuka."

Sindinkadziwa zimenezo. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadzitama kuti ndinamupatsa mwana wanga tsogolo, osamufunsapo ngati chovalacho chikumukwana. Analowa m'nyumba, anatulutsa chitupa chake m'kachikwama, n'kuchiika m'manja mwa mng'ono wake. Anati mawa lomwe apita limodzi ku boma.

Anapitadi, koma anapeza maofesi atatsekera tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Tinadikira mpaka Januwale. Ndinakalumbira kukhoti, Baibulo lili m'manja, ndikunena pamaso pa anthu osawadziwa kuti ndinatenga dzina la mwana wa akulu anga n'kuveka wanga. Mapepala anapita ku Lilongwe. Mwanayu ankakwera minibasi kukawatsatira, kubwerako, kupitanso pakatha masiku awiri, mvula ikumuvumba. Ankalembera a ku koleji kupempha kuti amudikire pang'ono. Januwale anatha chitupa chisanatuluke, za pasipoti osanena.

Kaya sabata zitatu zija zikanakwanira, sindikudziwa. Ena amati sizikanatheka ndithu, zinthu zinali zambiri. Ine ndimaziwerengabe. Mwana wanga sanamuchotse ntchito, akuphunzitsabe ku Chipoka uku nkhani ya satifiketi yake ikuyenda m'maofesi. Ndiye chomwe ndinkachiopa chija sichinabwere n'komwe, chinabwera ndi chomwe ndinkachiona ndi maso tsiku lililonse.

Mu Febuluwale, tsiku lina kukugwa mvula, ndinaweruka msanga chifukwa nsalu sizinkauma. Ndinakankha chitseko, ndinakweza phazi monga ndinazolowera, koma panalibe chopunthwa nacho. Chikwama chofiira chinali pamwamba pa kabati, chopepuka, zipi yake ili yasa. Zovala zinali pachingwe chomwe ndinamanga mu Novembala, nsapato zitandandalikidwa pansi pa bedi. Mwanayu anakhala pamkeka, miyendo atatambasula, ndipo kanali koyamba kumupeza atakhala pansi masana.

"A ku koleji ayankha," anatero. "Malo apatsa wina. Akuti ndidzayesenso chaka chamawa."

Ndinaima pakhomo, madzi akuchucha pa ambulera.

"Ndamasula katundu, Mama," anawonjezera. "Paja munkanena."

Miyezi itatu ndinakhala ndikulimbana ndi chikwama chimenecho, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka nditachitsitsa ndekha, n'kulongedzamo zonse, n'kuchiimikanso pachitseko. Ndinaika ambulera pansi, ndinapita kukafukula foni m'dengu la zochapa, n'kuwaimbira akulu anga. Atayankha anafunsa ngati makina aja akonzedwa. Ndinawauza kuti akhale kaye pansi, makina sanavutepo.