Amayi Oweta Chuku

Kusukulu ndimaphunzitsa ana kutaya chilichonse chochita chuku, koma amayi oyandikana nane amachiweta m'mabotolo pakhonde. Amagwira ntchito kufakitale yofufuta zikopa, ndipo chukucho chimadya utoto wa makungwa wotsalira m'madzi, kuti asakaipitse mtsinje.

Tsiku lina apongozi awo, munthu waukhondo, anawachingamira akumwetulira.

"Mwananga, mabotolo anu onyansa aja ndatsuka mbee!"

Ntchito ya miyezi isanu inapita ndi thovu. Amayiwo anakhala kaye pansi, kenaka anafunsa mwaulemu:

"Amayi, chinkhupule chija mwaika pati?"

Anachifinyira m'botolo, ndipo patatha sabata chuku chinameranso. Masiku ano apongoziwo akabwera amaima patali, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Adzukulu anga a m'botolowa adya?"