Mayina a Makala pa Zitseko za pa Kamwendo

Inu owerenga, zala za dzanja langa lamanja sizipindika, ndipo chinandipweteketsa ndi pakamwa panga. Ndine munthu wanthabwala chibadwire. Ngakhale pamaliro amandikhazika kutali ndi anamfedwa poopa kuti ndiwaseketsa.

Pa Kamwendo, bambo wina wakonkuno amene anapeza bwino ndi malonda a soya anamanga mdadada wa timashopu m'mbali mwa msewu. Analengeza kuti lendi idzakhala yotsika, ndipo oyamba kulowa adzakhala eni dera: matelala a m'makonde, okonza njinga pansi pa mitengo, azimayi oluka tsitsi. Aganyu analembanso a m'midzi yomweyi. Ine ndinapata ntchito yopaka penti, yoyamba yolongosoka chibwerereni ku Chipata komwe ndinaphunzira kugwira bulashi. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Mukudziwa mmene timachitira pamsika: ukaika mwala kapena thumba pamalo, malowo ndi ako. Anthu anatengera zomwezo. Zitseko zitangoikidwa, aliyense anabwera ndi khala n'kulemba dzina lake pa chitseko chimene wachikonda. Palibe anawauza kutero, palibenso anawaletsa. A Mbewe, okonza njinga amene akalamba akunyowa ndi mvula pansi pa mtengo wa mango, ankadutsa m'mawa uliwonse kudzaona ngati dzina lawo likadalipo.

Tsiku lina la msika, kapitawo anandiuza kuti ndiyambe kupaka zitseko. Sindinaganize kawiri. Ndinayamba kumapeto, penti yoyera ikumeza mayina limodzi ndi limodzi. Ndili pa makwerero kupaka pamwamba pa chitseko cha a Mbewe, ndinamva mawu kumbuyo.

"Achimwene, dzina langa lapita kuti?"

Anali iwowo, sipanala ili m'manja. Yankho loona linali lapafupi, lakuti iyi ndi penti chabe, shopu ndi yanube. Koma lilime langa linathamanga.

"Lawoloka malire, bambo. Mashopuwa atenga a ku Zambia. Inu bwererani ku mango wanu uja."

Ndinaseka ndekha. Mayi wina wogulitsa tomato anamva, nakuwa kuti mashopu agulitsidwa. Mawuwo anayenda pamsika ngati moto wa m'chilimwe, ndipo pofika kwa akabaza anali atakula: akuti wapenti wadya za alendo kuti afufute mayina. Ndinaona anthu akuthamangira kwa ine, ena ndi miyala, ena ndi mitengo ya m'mabenchi.

Ndinakuwa kuti ndimangocheza, koma ndani akanamva? Wina anakankha makwerero, ndinagwa chagada, chitini cha penti n'kundikhuthukira kumaso. Anandiponda m'nthiti. Mwala unanding'amba pamphumi, magazi n'kusakanikirana ndi penti moti sindinkaona amene akundimenya. Ndinamva magalasi a mawindo akuphwanyika. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire chitseko ndidzuke, ndipo pamenepo sipanala ya a Mbewe inatera pa zala zanga, kawiri. Kulira kwa mafupawo ndimakumvabe mpaka lero.

Anandipulumutsa ndi namwino wina amene ankagula masamba. Anandigonera pamwamba akukuwa kuti muphe ine kaye. Kuchipatala anayesetsa, koma chikhakha chitachoka zala zinatsala zouma ngati chinangwa. Bulashi sindingaigwirenso. Ntchito yanga anamaliza ndi munthu wochokera ku Lilongwe.

Ndinakwiya, ndipo sindinama, ndikadali wokwiya. Koma ndikakhala pansi ndimaona kuti ndinaseweretsa chinthu chimene munthu anachidikira moyo wake wonse. Inu a nthabwala ngati ine, munthu akakufunsani nkhope ili gwa, muyankheni zoona, zoseka zibwere pambuyo. Inu omanga, uzani anthu momveka kuti shopu iyi ndi ya uje, asamadalire khala. Nanunso apamsika, musanatole mwala funsani kaye mwini nyumba.

Mashopu aja analowamo ndi eni dera omwewo, monga analonjezera bambo wa soya uja. Chitseko chimodzi chokha n'chotseka, chifukwa mwini wake ali kundende pa mlandu wondivulaza. Wapenti wa ku Lilongwe uja sanachikhudze. Ine ndinali nditangopaka kamodzi, ndipo penti itauma, khala linaonekeranso pansi pake. Ndikamadutsa ndimawerenga bwinobwino: Mbewe.