Tsiku limene alamu anaponda pansi

Tauni ya Kabwe ndi yafulati ngati tebulo. Wofuna zitunda amayenera kutuluka, kusiya msewu wa tala, n'kulowa m'misewu yafumbi ya kum'mawa, kumene dziko limayamba kukwera ndi kutsika mpaka miyendo kuchita kulira. Amene anandionetsa misewu imeneyo ndi alamu anga, amuna a alongo anga aakulu. Iwo ankagwira ntchito pamgodi, ine ku njanji. Makolo athu tonse anachokera ku Petauke, koma ife tinabadwira m'fumbi la Kabwe momwemu.

Alamu anali ndi njinga ya mpikisano, yamatayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, imene anagula kwa mzungu wina wa pamgodi pamene ankabwerera kwawo. Ankaikonda moti alongo anga ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Anandivutitsa, kundinena kuti ndikumera mimba ya muofesi, mpaka nanenso ndinapeza yanga. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkavula majekete n'kuuyatsa ulendo.

Tinali ndi lamulo lathu. Pobwerera kutauni, ukangowoloka kamlatho kena, pali chitunda chachitali chimene chimakunamiza kuti chatha chisanathe. Pamwamba pake, pansi pa mtengo wa msuku, mayi wina wachilenje ankagulitsa munkoyo, thobwa la kuno. Lamulo linali lakuti amene watsitsa phazi n'kuponda pansi pachitundapo ndiye wogula munkoyo wa tonse awiri. Zaka zonsezo wogula ndinali ine. Alamu ankakwera ataimirira pamapedulo, uku akuimba nyimbo za kwaya kuti andipsetse mtima, ndipo ndikafika ndikukankha njinga, lilime lili panja, ankauza mayi aja kuti, "Ba mayo, kasitoma wanu uyu wafika. Mupaseni mupando asakomoke."

Kenaka mgodi unatsekedwa. Sayirini imene inkatidzutsa tonse, ndi ife a ku njanji omwe, inangoti zii. Tinkamva pawailesi kuti makampani a boma akugulitsidwa ndipo zinthu zikhala bwino, koma chimene ine ndinaona ndi maso ndi lole itaima pakhomo pa alongo anga, akukweza mipando kupita ku komboni ya Makululu, kukalowa m'kanyumba ka zipinda ziwiri ndi ana onse. Posakhalitsa alongo anga anandiuza, maso ali pambale zimene ankatsuka, kuti alamu asinthanitsa njinga ija ndi chinjinga chakuda chokhala ndi keliyala. Anayamba kukatenga makala kumidzi, alongo anga n'kumagulitsa timilu pamsewu.

Ine ntchito yanga inatsala. Sikuti ndinali wanzeru kapena wakhama kuposa iwo ayi, inangotsala basi. Ndinkawapititsira ufa mwezi ukatha, alamu n'kumathokoza mwaulemu wachilendo umene unkandidwalitsa. Munthu amene ankanditcha kamimba tsopano akuti zikomo kwambiri, manja awiri!

Ndipo kupalasa sindinasiye. Ndinayesa Lamulungu limodzi kukhala pakhomo, koma ndinangokalipira ana popanda chifukwa mpaka akazi anga ananditulutsira okha njinga. Ndinkadutsa njira yozungulira kuti ndisaonekere ku Makululu. Ndikamadutsa pafupi ndi chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi, pamene amuna amene ndinkawadziwa ankafukula zitsulo zokagulitsa, ndinkaweramitsa mutu ngati ndikuyang'ana tcheni. Koma ndikangosiya tala zonse zinkachoka m'mutu. Msewu wopanda galimoto, fungo la udzu wopsa, nkhanga zikuthamanga patsogolo panga mopusa osapatuka. Ndinkakondwa, ndipo kukondwako kunkandichititsa manyazi. Ndinkadziwa bwino kuti makala amachokera mbali yomweyo, koma ndinkadzinamiza kuti Lamulungu sanyamula.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, masuku atatsala pang'ono kupsa, ndinawoloka kamlatho kaja n'kuona munthu pakati pa chitunda akukankha njinga yosenza matumba a makala, osanjikizana kupitirira mutu wake. Ndinawazindikira ndi msana kuti ndi alamu. Ndinaganiza zobwerera, sindinama, koma anali atatembenuka kale.

"Mulamu!" anakuwa. "Mwaponda pansi futi?"

Ndinali nditatsikadi. Ndinagoneka njinga yanga m'udzu n'kugwira matumba kumbuyo, tinakankha limodzi mpaka pamsuku paja. Katundu ameneyo sindidzamuiwala. Malaya anga oyera anada bii, ndipo iwo ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku, okha. Anatsamiritsa chinjingacho pamphanda imene ankayenda nayo, ine n'kutsikira kukatenga yanga.

Nditabwera nayo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anatsina tayala, anazunguza pedulo chobwerera n'kumvetsera kulira kwake.

"Simuika mafuta, imwe," anatero. Kenaka motsitsa mawu, "Nibwerekeniko. Nifike chabe pa buliji paja, nibwele."

Ndikanakana bwanji? Anakwera ndi nsapato zawo za matayala, anawerama, n'kutsetsereka ngati kale, akukuwa mpaka mayi a munkoyo anaombera m'manja. Pakamlatho anatembenuka bwinobwino n'kuyamba kukwera. Ndinamva kanyimbo ka kwaya kaja kakubwera ndi mphepo, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma pakati pa chitunda nyimbo inaduka. Anaimirira pamapedulo, njinga inayamba kupita uku ndi uku. Apo m'pamene ndinaona mmene miyendo yawo inathera, ndi kabudula amene ankangolendewera m'chiuno. Anakakamira, anakakamiranso, kenaka phazi linatsika.

Ndinatembenuka msanga n'kuyamba kuyang'ana masuku mumtengo, ngati munthu amene sanaonepo msuku chibadwire.

Anafika akukankha njinga yopepuka ija, imene mwana akhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi. Anakhala pamuzu akutsokomola, ndipo mpweya utabwerera anati, "Mwaona, ai?"

"Sininaone chilichonse. Nenze kuyangana masuku."

"Boza, mulamu. Naponda pansi. Lelo munkoyo ni wanga."

Dzanja langa linali kale m'thumba. Ndinati ine ndiye ndinayamba kuponda pansi kumunsi kuja, ndiye lamulo likugwira ine. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, ofiira ndi fumbi la makala.

"Unga wa nsima munganipase. Uyu munkoyo musanilande."

Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu. Iwo anapita pachinjinga chawo, anamasula udzu wotseka pakamwa pa thumba limodzi, n'kuyamba kusankha makala akuluakulu, aja amene ogula amalimbirana. Anawaunjika patsogolo pa mayi aja. Mayiwo anandiyang'ana ine, anayang'ana makala, kenaka mwakachetechete anatunga makapu awiri. Ine ndinkadziwa kuti mulu umenewo ukanafika m'manja mwa alongo anga ukanasanduka ndiwo za ana madzulo omwewo.

Ndinamwa wonse. Unali wozizira, wowawasa bwino. Alamu ankamwa pang'onopang'ono, miyendo atatambasula, akusekerera.

"Zaka zonse izi nimwa wanu," anatero. "Manje mwamvera mwamene umamvekera wa mahala, wosalipila."

Tinanyamuka limodzi. Kutsika ndi makala n'kovuta kuposa kukwera, choncho iwo ankayenda pansi, atagwira mabuleki onse, mapazi akukhukhuluza fumbi. Ine ndinkawatsatira pambuyo ndili panjinga, nanenso nditafinya mabuleki mpaka ankalira. Sitinapite patali anaima.

"Pitani, mulamu. Muzaononga mabuleki pa zero. Iyi njinga siyenda so."

Ndinati ndiwaperekeza mpaka kutauni. Anapukusa mutu osandiyang'ana, n'kundikupiza ndi dzanja ngati akuingitsa nkhuku.

Ndinapita. Ndinasiya mabuleki, njinga inathamanga yokha pamtsetse paja, mphepo ikuomba m'makutu. Ndisanafike n'komwe kumunsi ndinapezeka ndikumwetulira, munkoyo wa alamu uli m'mimba.