Dzino M'nandolo

Matipate atangoyamba, ndinali kalaliki wa malume ku Naisi, tikugula nandolo wotumiza kunja. Boma linkafuna fomu imodzi yokha pamwezi, yonena matumba amene atuluka. Ine fomuyo ndinakulungira usipa, kawiri konse.

Mkulu wina wa boma atabwera panjinga ndi fomu yachitatu, malume anandiyang'ana.

"Ndinapereka kale," ndinanama. "Akungotizunza ndi mapepala awa."

Malume anasolola pampu ya njinga yomweyo n'kumumenya nayo mkuluyo pakamwa. Dzino linagwera m'thumba la nandolo, magazi ali chuchuchu pamalaya.

"Pepani bambo, ndi tsamba limodzi lokha," ankatero mkuluyo, atagwira kukamwa.

Ine zala zinkangonunkha usipa. Chimene ndinachitapo n'kutola dzinolo, kuopa kuti lingapite kunja osalembedwa pafomu.