Jiki m'Botolo la Ba Edna

Ku komboni ya Chawama ukafunsa za mkazi waukhondo, ankakulozera kwa Ba Edna. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzaphika m'nyumba za azungu, ndiye mwanayo anakulira pa tsache ndi sopo. Ba Edna anakolopa maofesi a kampani ina ya boma mpaka tsiku lomwe inagulitsidwa, onse n'kuuzidwa kuti zikomo, kapumeni. Kupuma chiyani munthu akadali ndi mphamvu zake! Amuna awo, Ba Whyson, anagula nkhumba yaikazi namanga khola kuseri kwa nyumba, koma sanaione ikuswa. Chifuwa chinawatenga nkhumbayo ili ndi bere.

Itaswa, Ba Edna anati malemu awasiyira pogwira. Kholalo ankalitsuka ngati ofesi ya bwana, mpaka anthu kumaseka kuti nkhumba za Ba Edna zimasamba kuposa ana a m'komboni. Koma kutazizira mu Juni, tiana ta nkhumbayo tinayamba kutsegula m'mimba, zamadzimadzi zachikasu. Anapatsa tianato makapisozi a pamsika, ayi ndithu, tinkangofa kamodzikamodzi mpaka kutsala tochepa.

Dokotala wa ziweto wa kutchalitchi kwawo anawauza kuti atape chimbudzi cha kamene kangoyamba kudwala, athamange nacho ku labu yoyezera matenda, akaone chomwe chikupha.

Apa m'pomwe mtima umandiwawa ine. Mayi wa chigwirizano, wodziwika komboni yonse, akwere minibasi ndi manyi a nkhumba? Manyazi ake! Atatapira chimbudzicho m'botolo, anathiramo jiki, n'kukhutchumula bwinobwino kuti anthu asamve fungo. Ankaona ngati ndi ulemu.

Ku labu anawalandira Ba Mwape, mtsikana wa chovala choyera. Anadonthezera pa kakhadi kakuda, nasakaniza ndi mankhwala ooneka ngati mkaka, n'kumapendeketsa uku ndi uku.

"Ngati muli kachilombo ka rota, apa pachita timibulu," anatero Ba Mwape.

Timibulu sitinaoneke. Mtsikanayo ananunkhiza botolo, nkhope n'kugwa.

"Amai, munaikamo chani umu?"

"Jiki, mwana wanga. Nenze kuopa kununkhisa bantu mu basi."

"Iyee! Jiki yaononga vonse, sitingaone kantu. Tengani botolo iyi, mubwele na vina, osaikamo chilichonse. Ngati ni rota, makapisozi sasebenza, sathandiza. Pakali pano vibana va nkhumba muvipase manzi ya mchele na shuga, muvifundike."

Ba Edna anangogwira pakamwa. Mchere ndi shuga basi? Zinthu za m'khitchini mwawo momwe! Minibasi ya ku Chawama inachedwa kudzaza, kondakitala akungokuwa, iwo akupemphera chamumtima kuti Mulungu awasungire ngakhale kamodzi kokha. Atatsika anathamanga, chitenje chili m'manja, mayi woti sanathamangepo pamaso pa anthu.

Kuseri kwa nyumba kunali chete. Tiana tonse tinali titagona pakona, tozizira, ndipo make ankatigudubuza ndi mphuno, mawere atatupa mkaka. Ba Edna anakhala pansi m'matope a m'kholamo, osasamalanso za zovala, nalira mokweza moti oyandikana nawo anabwera akuthamanga poganiza kuti kwagwa maliro.

"Ba Whyson, nikhululukileni," ankatero. "Nawasamalila, koma nalephela."

Botolo la Ba Mwape linali likadali m'dzanja mwawo, koma woti atapeko chimbudzi panalibenso.