Mmene Ndinathawira Nyeleti ku Kambombo

Ndikukumbukira fungo la sipiriti tsiku limene a chipatala anabwera pasukulu yathu ku Kambombo kudzalasa katemera wa chikuku. Munali mu Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka kumapazi. Ndinali mu giredi 5, kamtsikana kopanda nsapato koma kochenjera ngati kanyani.

Titaima pamzere, Yotamu, mnyamata amene ankatimenya tonse, analira ngati mbuzi atangoona nyeleti ya jakisoni. Ndinati mumtima, ngati Yotamu walira, ine ndifa. Ndinatsanzika kuti ndikupita kuchimbudzi, n'kuzungulira kuseri, n'kulowa kumbuyo kwa motoka ya chipatala. Ndinadzifunditsa tenti pakati pa makatoni, ndipo kutentha kunandigonetsa.

Ndinadzidzimuka motoka ikudumpha m'maenje. Itaima tinali pamudzi wina wakutali, ndipo amene anavundukula tenti anali a Sisita Mulenga, namwino wochokera kutali ku Kopala, dera la migodi.

"Iwe! Ndiwe mwana wa ndani?"

Ndisanayankhe, mayi wina anafika akuthamanga, mwana ali lende m'manja. Ankalankhula Chisenga mofulumira, akulira, a Sisita osamva kanthu. Wowamasulira anali atatsikira panjira. Ine pakamwa sipankandivuta; Chisenga ndi chakwathu, ndipo Chinyanja chimene a Sisita ankamva ndinkachidziwa.

"Akuti mwana wamwa palafini, manje afuna kumusanzitsa," ndinamasulira.

"Auze asayese!" anakuwa a Sisita.

Mwanayo anachira. Ine nyeleti sinandiphonye, anandilasa pomwepo, ndipo madzulo atandibweza kwathu, atate anawonjezera pondikwapula ndi kamtengo ka mpherere. Koma kuyambira pamenepo a Sisita akabwera kudera lathu ankanditumizira uthenga kuti ndikawamasulire. Nditapasa giredi 7 anapempha makolo anga kuti ndikakhale nawo ku boma, ndiphunzire sekondale. Unamwino wanga unayambira kumeneko.

Sindikana, ndinawerenga mpaka maso kufiira. Komatu m'kalasi mwathu munali atsikana anzeru kundiposa, omvera, amene anapirira pamzere tsiku lija. Ambiri anakwatiwa asanaone n'komwe geti ya sekondale.

Masiku ano sukulu zachuluka, ndipo ana amalasidwa amayi awo akujambula pafoni. Chaka chatha anandiitana kusukulu ija kukalimbikitsa atsikana a kwathu. Ahedi anandinong'oneza kuti ndiwauze chinsinsi cha kupambana. Ndinayang'ana tinkhope tija, ndinayang'ananso ahedi, n'kunena kuti, "Muzimvera aphunzitsi." Amayi anga, amene anakhala kumbuyo, anaseka mpaka anawatulutsa panja.