Malo amodzi pa makina osokera matumba

Chaka chimene boma linalimbitsa lamulo la anthu aganyu, ine ndinali nditakhala ku Ndola miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkakhala kwa amalume, ndipo ndiwo anandipezera ganyu ku indasitiriyo, pa kampani ina yogula nyemba ndi soya. Ntchito yanga inali yosoka matumba akadzaza. Makina ake ndi onyamula pamanja, ndipo ukapanda kusamala ulusi umaduka pakati pa thumba.

Pa makinawo tinalipo awiri. Mnzangayo anabadwira ku Chimwemwe, ku Kitwe, koma makolo ake ndi a kwathu ku Katete, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Anabwera ine nditagwira kale miyezi itatu. Ndine ndinamuphunzitsa kulowetsa ulusi, kupinda pakamwa pa thumba ndi kudontheza mafuta. Iye anandiphunzitsa Chibemba chokwerera minibasi, ndipo ankandiseka akaona ndikulandira chinthu ndi manja awiri.

"Iwe mune, mnzanga iwe, kapu ya madzi yomweyi mpaka kuigwadira?"

Lamulolo tinalimva pa wailesi ya alonda. Ankati munthu asagwire ganyu pamalo amodzi miyezi yambirimbiri osalembedwa. Apatsidwe kalata, malipiro a pamwezi, tchuthi ndi penshoni. Tonse tinaomba m'manja. Ine ndinaimbira foni amayi kumudzi kuti ayambe kufunsa mtengo wa malata.

Patapita masabata awiri, mwini kampani anati sangathe kutilemba tonse. Pamene pali anthu awiri patsale mmodzi. Lachisanu masana akapitawo anatiitanira ku ofesi. Akapitawowo anali bambo wachikulire wa ku Petauke, kufupi ndi kwathu. Mwini kampani anakhala pambali akuyang'ana foni yake.

Akapitawo anayamba ndi ine.

"Mwana wanga, malo ndi amodzi. Ukuwafuna?"

Kwathu wamkulu akakupatsa chinthu pamaso pa mnzako, sulumphira. Umayamba wadzichepetsa, iye n'kukukakamiza, ndiye umalandira. Ngakhale kusukulu kwathu, posankha woyang'anira kalasi, wodzitchula yekha sankasankhidwa. Choncho ndinavula kapusi, ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ine ndine mwana, bambo. Mmene muonere inu akuluakulu."

Ndinadikira kuti andifunsenso. Akapitawo anali atatsegula kale pakamwa, koma mwini kampani anadzutsa mutu n'kuloza mnzanga.

"Nanga uyu?"

"Ine ndefwaya, ba bosi!" anatero mnzanga. "Ndikufuna. Ngakhale pompano ndisaina."

Anasainadi. Sizinatenge ndi mphindi zisanu zomwe.

Titatuluka anandigwira paphewa. "Nanga iwe unakaniranji? Ine ndimayesa wapeza pena pabwino."

"Sindinakane."

"Ndiye unavomera?"

Ndinavala kapusi yanga n'kuyamba ulendo wa kunyumba.

Kunyumba amalume anati ndinachita mwaulemu, monga mwana woleredwa. Akazi awo anaika mbale pansi mwamphamvu.

"Atate ake, kuno ndi ku migodi, si ku Katete. Ulemuwo akagulira unga?"

Loweruka amalume anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kwa akapitawo. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono. Akapitawo anawauza kuti iwo anandimva bwino lomwe, ndipo ankafuna ine, koma bwana alibe nthawi yofunsa munthu kawiri. Dzina linali litapita kale m'mapepala.

Lolemba ndinapitabe. Ndinaima pageti ndi ena amene anatsala, chifukwa ganyu ya tsiku limodzi inkapezekabe lole ikabwera. Mnzanga anatipitirira atavala ovolosi yabuluu yatsopano, mizere yonyezimira m'miyendo, nsapato zachitsulo kutsogolo, ndi khadi la chithunzi chake m'khosi. Alonda sanamufunse n'komwe. Anandikwezera dzanja, inenso ndinakweza.

Ndikuchita manyazi kunena zimene ndinkachita masiku amenewo. Lole ikamatuluka ndinkayang'ana matumba. Msoko wake ndinkaudziwa, unkapendekera kumanzere ndipo ankasiya ulusi wautali kumapeto. Ndinkalakalaka thumba limodzi litaphulika pageti pomwepo, nyemba zitamwazika, bwana akuona. Lamlungu ndinkakhala kumbuyo kwake m'kwaya, n'kumapempha Mulungu kuti andichotsere mtima umenewu, maso anga ali pa malaya ake atsopano. Palibe thumba linaphulika.

Tsiku lina kunabwera lole yaikulu ya soya. Akapitawo anatuma mnzangayo kuti adzasankhe anthu anayi pageti. Anaima atagwira chitseko n'kufunsa m'Chibemba kuti akufuna ndani. Anthu anakankhana. Ine ndinakuwa, "Ine!" Mawu ake anatuluka okalipa, moti ndinadzidabwa.

Anaseka mpaka kugwira mawondo. "A Katete lero alankhula! Lowani, bwana."

Tsiku lonse ndinanyamula matumba kukaika pamapazi ake, iye akusoka. Masana anagula maheu ndi mabanzi awiri, limodzi n'kundipatsa. Bwenzi zitandipepukira akanakhala wonyada, koma sanali. Ndinadya, ndinathokoza.

Poweruka ndinafunsa akapitawo ngati ndibwerenso m'mawa mwake. Nthawi imeneyi sindinayang'ane pansi.

"Mawa ayi, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ukalowa masiku otsatizana, a boma adzati ndiwe wantchito wathu. Uyesere Lachinayi."

Ndinatuluka ndi ena atatu aja. Mnzanga anatsala mkati, akusamba pa mpopi wa olembedwa.